Diripi imodzi yotsitsa mafuta a m'magazi mpaka kalekale: kodi wa ku Rumphi aidikire?

Mu 2007, akatswiri a ku Perth ndi ku Cape Town anafalitsa zimene anapeza m'magazi a amayi 653 omwe ankayendera sikelo ku Zimbabwe. Amayi pafupifupi 4 pa 100 alionse anali ndi kachilema pa jini limodzi lotchedwa PCSK9, koma kachilemako kankawachitira ubwino: mafuta oipa m'magazi mwawo anali otsika ndi 27 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Mmodzi mwa amayiwo anatengera kachilemako mbali zonse ziwiri, kwa bambo ake ndi kwa mayi ake. Pa muyezo umene ambirife timakhala pa 2 kapena 3, ena kupitirira apo, iye anali pa 0.4. Sikuti anagonekedwa m'chipatala ayi, anangobwera kusikelo monga amabwerera mayi wina aliyense.

Zimene mayi ameneyu anabadwa nazo n'zimene makampani a mankhwala akuyesa kupatsa anthu ena lero kudzera m'diripi imodzi. Cholinga chawo n'chakuti munthu agone pabedi maola ochepa, mankhwala alowe m'chiwindi n'kukazimitsa jinilo, ndipo kuchokera tsikulo mafuta a m'magazi atsike mpaka kalekale, osamwanso mapiritsi. Kwa munthu wa ku Hewe, ku Mhuju kapena ku Tcharo, kumene ulendo wokatenga mankhwala umadya tsiku lathunthu, nkhaniyi ndi yokoma m'khutu. N'chifukwa chake ikufunika kuiunika modekha, tisanayambe kuomba m'manja.

Kolesterolo si poizoni. Thupi limamufuna pomanga maselo ndiponso popanga ndulu ndi mahomoni, ndipo wambiri amapangidwa ndi chiwindi chathu chomwechi, sachokera m'mbale. Popeza mafuta sasakanikirana ndi madzi, kolesterolo amayenda m'magazi atakutidwa m'timibulu. Timibulu tina, totchedwa LDL, tikachuluka timalowerera m'khoma la mitsempha chaka ndi chaka mpaka njira ya magazi imachepa. Tsiku lina pamene padaunjikana mafutapo pamang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo. Zikachitikira mu mtsempha wodyetsa mtima, munthu amagwira pachifuwa n'kugwa. Zikachitikira mu mtsempha wopita ku ubongo, ndiye sitiroko ija yopotoza pakamwa n'kupha mkono ndi mwendo. Zonsezi zimakula mwakachetechete. Mafuta a m'magazi sapweteketsa mutu, sachititsa chizungulire, ndipo mlimi woonda wogwira khasu tsiku ndi tsiku atha kukhala nawo ochuluka kuposa bwana wa mimba yaikulu.

Chiwindi chimene chimapanga kolesterolo n'chomwenso chimamuchotsa m'magazi. Kunja kwa maselo ake kuli tinthu tokola LDL, tokhala ngati mbedza za msodzi wa ku Mlowe: mbedza zikachuluka m'madzi, nsomba zovuuka zimachulukanso. Amene anatulukira mbedzazi ndi Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, ndipo mu 1985 analandira nazo mphoto ya Nobel. Anazitulukira pofufuza odwala amene mbedza zawo n'zochepa kapena n'zosakola chibadwire.

Matenda akumtundu amenewa si osowa monga tingaganizire. Padziko lonse munthu mmodzi pa anthu 250 mpaka 300 amabadwa nawo atatengera kwa kholo limodzi, ndipo pa ana a kholo lotere, theka nthawi zambiri amatengera. Mwamuna wotere atha kudwala mtima ali ndi zaka za m'ma 40, mwinanso asanafikeko. Mwana amene watengera mbali zonse ziwiri, zomwe n'zosowa zedi, atha kudwala mtima asanamalize sekondale. Pali zizindikiro zimene dokotala watcheru angaone popanda makina: timatotupa tolimba, tosapweteka, pa mtsempha wa kuseri kwa chidendene kapena pa mfundo za zala, ndi kamzere kotuwa kozungulira pakuda pa diso mwa munthu amene sanakalambe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 229,161 m'boma la Rumphi. Tikawerengera mmodzi pa 300, ndiye kuti anthu oposa 700 m'bomali atha kukhala kuti akuyenda ndi vutoli. Ndipo m'mudzi mukafa abambo awiri apachibale mwadzidzidzi, wina kumunda wina panjinga, onse asanamere imvi, tonse tikudziwa kumene zala zimaloza pa maliro. Dziko lino laona agogo ambiri akuzunzidwa chifukwa cha imfa zadzidzidzi, chonsecho zina mwa imfa zotere labu ikanatha kuzifotokoza.

Ku South Africa vutoli ndi lodziwika bwino chifukwa pakati pa Mabunu limagwira mmodzi pa anthu osakwana 100. Iwo anachokera ku mabanja ochepa amene anafika ku Cape n'kumakwatirana okhaokha, choncho chilemacho chinafalikira. N'chifukwa chake mmodzi mwa akadaulo otchuka padziko lonse pa matendawa, Frederick Raal, ali pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, mzinda umene ana ambiri a ku Rumphi ndi ku Mzimba amakagwirako maganyu.

Mbiri ya PCSK9 inayamba mu 2003. Marianne Abifadel ndi Catherine Boileau a ku Paris, mothandizana ndi Nabil Seidah wa ku Montreal, anapeza mabanja a ku France amene jini lawo lopanga mbedza linali labwinobwino, koma mafuta ali pamwamba. Wolakwa anapezeka kuti ndi puloteni ya PCSK9, imene ntchito yake ndi kugwira mbedza zija n'kukaziwonongetsa mkati mwa selo. M'mabanja amenewo inkagwira ntchito mopyola muyezo. Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, a ku Dallas komwe kuja, anaitembenuza nkhaniyo: ngati PCSK9 yolusa imakweza mafuta, payenera kukhala anthu ena amene PCSK9 yawo ndi yakufa, ndipo mafuta awo ndi otsika. Mu 2005 anawapezadi, ndipo pafupifupi onse anali anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo ochokera kuno ku Africa. Chaka chotsatira, kafukufuku amene anatsata anthu kwa zaka 15 anaonetsa kuti akuda okhala ndi jini lozima mbali imodzi anali ndi LDL wotsika ndi 28 peresenti, koma matenda a mitsempha ya mtima anali otsika ndi 88 peresenti. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiye phata la nkhani yonse. Kutsika pang'ono kwa mafuta, kukayambira kubadwa n'kukhalitsa, kumateteza kwambiri kuposa kutsika kwakukulu koyambira pa zaka 60. Anapezanso mayi wina wa ana awiri amene jinili linali lozima mbali zonse, koma ali wathanzi. Chimodzi mwa zilema ziwiri za ku Dallas, chotchedwa C679X, n'chomwecho chinapezeka mwa amayi a ku Zimbabwe aja.

Ndiye tinene mosapsatira: umboni umene unalimbitsa makampani mtima kuti kuzimitsa PCSK9 sikupha munthu unachokera m'magazi a anthu akuda.

Mankhwala otsitsa kolesterolo analipo kale izi zisanachitike. Akira Endo wa ku Japan anapeza gwero lake mu chuku m'zaka za m'ma 1970, ndipo mapiritsi oyamba a gulu la statin analoledwa ku America mu 1987. Amachititsa chiwindi kupanga kolesterolo wochepa ndi kutulutsa mbedza zambiri, moti LDL amatsika ndi 30 mpaka 50 peresenti. Lero simvastatin ndi atorvastatin amapangidwa ndi makampani ambiri, a ku India makamaka, ndipo ndi otchipa. Bungwe la WHO linaika simvastatin pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2007. Mu 2015 kunabwera majakisoni omanga PCSK9, obaya pa milungu iwiri iliyonse kapena pamwezi, pa mtengo wa madola pafupifupi 14,000 pachaka. Mu 2020 Ulaya analola inclisiran, jakisoni wobaya kawiri pachaka, ndipo Raal uja ndiye anatsogolera umodzi mwa mayeso ake akuluakulu.

Vuto la mankhwala onsewa ndi limodzi: ukasiya, mafuta amabwerera pomwe anali. Ngakhale m'mayiko olemera, kumene famase ili pakhomo, anthu ambiri amasiya mapiritsiwa pasanathe zaka ziwiri, poti n'kovuta kumwera mankhwala matenda amene sukuwamva m'thupi. M'mayiko osauka ambiri sayamba n'komwe. Kafukufuku wa 2022 wa m'mayiko 41 osauka ndi apakatikati anapeza kuti mwa anthu oyenera kumwa statin kuti apewe matenda a mtima, 8 okha pa 100 ndi amene ankamwa, ndipo mwa amene anadwalapo kale mtima kapena sitiroko anali 22 pa 100. Aliyense amene anaperekezako kholo lake ku kiliniki ya BP ndi shuga akudziwa mmene zimakhalira. Gogo amadzuka kusanache, kabuku ka kuchipatala atakakulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, alipira kabaza ndalama imene ikanagula ndiwo za masiku atatu, akhala pa benchi mpaka dzuwa kufika pamutu, kenaka pawindo la mankhwala amulembera zilembo ziwiri zija, OS, kutanthauza kuti mankhwala atha, n'kumuuza kuti akagule. Mwezi wotsatira sabweranso. Wa ku Phoka wotsika phiri, kapena wa kunyanja wodalira boti, akafika pamenepa sitinganene kuti ndi wosamvera. Ngati pali malo amene mankhwala a kamodzi n'kamodzi angasinthe zinthu, ndi malo ngati amenewa, kuposa mzinda wa Boston ku America kumene akupangidwira.

Koma ganizo lochiza mafuta a m'magazi pokonza majini lili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ili ndi manda. Mu 1992, James Wilson ndi anzake pa yunivesite ya Michigan anadula chidutswa cha chiwindi cha mayi wina wa ku Canada amene anatengera matendawa mbali zonse ziwiri. Analowetsa jini labwino m'maselo a chidutswacho pogwiritsa ntchito vairasi yofooketsedwa, n'kubwezera maselowo m'thupi. Mafuta anatsika pang'ono chabe. Atayesa pa anthu asanu, njirayo inasiyidwa. Mu 1999 mnyamata wa zaka 18, Jesse Gelsinger, anamwalira ku Philadelphia patangopita masiku anayi atalandira vairasi yonyamula jini lochizira matenda ena a chiwindi, ndipo ntchito yonse yochiza ndi majini inabwerera m'mbuyo zaka zambiri. Mu 2012 Ulaya analola Glybera, mankhwala oyamba a mtunduwu kuloledwa kumeneko, ochizira matenda osowa amene magazi amachita kuoneka ngati mkaka chifukwa cha mafuta. Mtengo wake unali pafupifupi mayuro 1 miliyoni. Ogula anasowa, ndipo mu 2017 kampani yake inangowachotsa pamsika.

Chimene chinadzutsanso ntchitoyi ndi CRISPR, chida chimene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mu 2012 n'kulandira nacho Nobel mu 2020. Malangizo omangira thupi la munthu analembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezedwa ka 3 biliyoni. CRISPR imatha kupeza malo amodzi pakati pa zilembo zonsezo n'kudula. Mu 2016 David Liu wa ku Harvard anaiwongolera kuti m'malo modula izingosintha chilembo chimodzi. Kampani ya Verve Therapeutics, imene anayambitsa ndi madokotala a mtima Sekar Kathiresan ndi Kiran Musunuru pamodzi ndi anzawo, inatenga njira imeneyi n'kuilozetsa pa PCSK9.

Kagwiridwe kake nkotere. M'diripimo muli timibulu ta mafuta tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mkati mwake muli zinthu ziwiri: uthenga wouza selo kuti lipange chida chosinthira chilembo, ndi kalondolondo wolozera chidacho pa malo oyenera. Timibuluto timakathera m'chiwindi. Selo limapanga chidacho, chidacho chimasintha A mmodzi kukhala G pa jini la PCSK9, ndipo jinilo silithanso kupanga puloteni yake. Pakapita masiku ochepa chidacho ndi uthenga wake zimasungunuka, koma chilembo chosinthidwacho chimatsala. Ena adzakumbukira kuti timibulu ta mtundu womwewu tinagwiritsidwa ntchito mu akatemera ena a Covid-19, ndipo n'kofunika kusiyanitsa: katemera uja munalibe chida chosintha DNA, pamene muno achiikamo mwadala. Komanso cholinga ndi chiwindi cha wodwalayo basi, osati mbewu ya abambo kapena mazira a amayi, choncho ana ake sayembekezeka kutengera kusinthako. Kusintha mwana asanabadwe ndi nkhani ina, ndipo wasayansi wa ku China, He Jiankui, amene anachita zimenezo mu 2018 anakaseweza zaka zitatu kundende.

Mu 2021 a Verve anafalitsa zotsatira za mayeso pa anyani: LDL anatsika ndi pafupifupi 60 peresenti n'kukhala pomwepo. Munthu woyamba analandira mankhwalawa, otchedwa VERVE-101, ku New Zealand mu July 2022. Mu November 2023 zotsatira za anthu 10 oyamba zinalengezedwa: mwa atatu amene analandira mlingo wokulirapo, LDL anatsika ndi 39, 48 ndi 55 peresenti. Koma mmodzi anadwala mtima tsiku lotsatira atalandira diripi, ndipo wina anamwalira patapita milungu isanu. Onse awiri anali ndi mitsempha yowonongeka kale, ndipo ofufuza anati imfayo sinachokere ku mankhwala. Mu April 2024 kampaniyo inaimitsa mayesowo chifukwa wodwala wina chiwindi chake chinaonetsa kuvulala ndipo tizigawo toundanitsa magazi tinatsika. Anaganiza kuti cholakwa chinali timibulu tonyamulira tija, ndiye anatembenukira ku VERVE-102, yokhala ndi timibulu tina. Mu April 2025 anaonetsa zotsatira za anthu 14: pa mlingo waukulu LDL anatsika ndi 53 peresenti pongoyerekeza onse, mmodzi mpaka 69, popanda vuto lalikulu. Patangotha miyezi iwiri kampani ya Eli Lilly inagwirizana zogula Verve pa mtengo wofika madola 1.3 biliyoni.

Palinso jini lina, ANGPTL3, limene nkhani yake ikufanana. Ku Campodimele, mudzi wa m'mapiri ku Italy, kuli anthu amene jinili ndi lozima chibadwire, ndipo mafuta awo a mitundu yonse ndi otsika. Ubwino wake n'ngwakuti limakhudza LDL pamodzi ndi mafuta ena otchedwa matiraigiliseraidi, amene amakwera ndi mowa, zotsekemera ndi shuga wosasamalidwa, ndiponso kulizimitsa kumathandiza ngakhale odwala opanda mbedza n'komwe. Mu November 2025 kampani ya CRISPR Therapeutics inafalitsa zotsatira za diripi yozimitsa jinili mwa anthu 15 a ku Australia, New Zealand ndi Britain: pa mlingo waukulu mitundu iwiri yonseyi ya mafuta inatsika ndi pafupifupi theka. Mmodzi, amene analandira mlingo wochepetsetsa, anamwalira mwadzidzidzi patapita miyezi pafupifupi 6, ndipo nayonso imfayi anati sinachokere ku mankhwala.

Owerenga aone kuchepa kwa manambalawa: 10, 14, 15. Chimene chaonetsedwa n'chakuti nambala ya pa pepala la ku labu imatsika. Kuti anthu olandira diripiyi sadwala mtima ndipo amakhala moyo wautali, zimenezo zimafuna anthu masauzande otsatidwa zaka zingapo. Evolocumab, mmodzi mwa majakisoni omanga PCSK9 aja, asanakhulupiriridwe anayesedwa pa anthu oposa 27,000. Ndipo nambala yokongola inanamizapo kale madokotala. Mu 2006 kampani ya Pfizer inataya mankhwala otchedwa torcetrapib, amene ankakonza bwino manambala a kolesterolo, ataona kuti omwa ankafa ochuluka kuposa osamwa. Ine ndikuona kuti mwayi woti kuzimitsa PCSK9 kudzateteza mtima ndi waukulu, poti chibadwa cha anthu ndi majakisoni aja zonse zikuloza kumodzi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'china. Piritsi likakuyipira umasiya, pamene chilembo chikasinthidwa sichibwerera. Chidacho chitha kuphonya n'kusintha malo ena, ndipo zotsatira zake zitha kudzaoneka patapita zaka. N'chifukwa chake bungwe loona za mankhwala ku America limafuna kuti olandira mankhwala otere azitsatidwa mpaka zaka 15. Kwa munthu wa matenda akumtundu amene mapiritsi akulephera kumuthandiza, chiopsezocho chitha kukhala choyenera. Kwa munthu amene piritsi lotchipa likanamukwanira, nkhani n'njosiyana.

Nanga mtengo? Casgevy, mankhwala oyamba a CRISPR kuloledwa, mu 2023, ndi ochizira sikoselo, matenda amene akuvutitsa ana ambiri kuno kwathu. Ku America amagulitsidwa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Ndalama zonse zimene Malawi amagwiritsa ntchito pa umoyo, za boma, za mabungwe othandiza ndi za m'thumba mwa anthu, zimazungulira pa madola 40 munthu mmodzi pachaka. Komabe sindikufuna kutseka chitseko. Casgevy ndi wodula mwa zina chifukwa amafuna kuchotsa maselo a m'mafupa, kukawakonza ku labu, ndi kugoneka wodwala milungu ingapo. Diripi ya chiwindi ingapangidwe yambiri nthawi imodzi ku fakitale, ndipo matenda a anthu mamiliyoni sangagulitsidwe pa mtengo wa matenda osowa. Tinaonanso ndi maso athu zimene zinachitika ndi ma ARV: mu 2000 ankadya madola oposa 10,000 munthu mmodzi pachaka, mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ipanga pa madola 350, mu 2004 Malawi anayamba kupereka ulere, ndipo lero mtengo wake sufika madola 50. Koma mtengowo sunatsike wokha. Anthu anachita kumenyera nkhondo, ndipo pa zaka zodikirazo tinaika m'manda abale athu osawerengeka.

Tsono kodi mafuta a m'magazi ndi vuto lalikulu bwanji kwathu kuno? Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009, amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO pa anthu a zaka 25 mpaka 64, anapeza kolesterolo wokwera mwa anthu pafupifupi 9 pa 100, amayi kuposa abambo. Koma BP yokwera inapezeka mwa munthu mmodzi pa atatu alionse, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kufupi ndi Rumphi, ku Chilumba m'boma la Karonga, kuli bungwe lofufuza la MEIRU, limene linayamba mu 1979 ngati ntchito yolimbana ndi khate. Pakati pa 2013 ndi 2016 linayeza anthu pafupifupi 29,000, theka a m'midzi ya kumeneko, theka a ku Area 25 ku Lilongwe. Linapeza kuti amayi 27 pa 100 akumudzi ndi 44 pa 100 a m'tauni anali onenepa mopitirira, ndipo BP yokwera inali pafupifupi chimodzimodzi kumudzi ndi m'tauni. Anthu a ku Chilumba ndi a ku Chitimba ndi Chiweta amadya kondowole ndi usipa wa m'nyanja imodzi, choncho zotsatirazi sizili kutali ndi Rumphi. Uthenga wake ndi womveka: mdani woyamba wa mitsempha yathu lero ndi BP, ndipo sitiroko zambiri zimene zikugoneka makolo athu zikuchokera kumeneko. Mafuta akubwera pambuyo, koma akubwera, limodzi ndi chiwaya cha pa Bolero nthawi ya fodya, tchipisi ndi nyama yonona zokazingidwa m'mafuta akuda obwereza kuyambira dzana.

Pali gulu lina limene nkhani ya statin ikulikhudza lero lomwe. Anthu okhala ndi HIV, ngakhale akumwa ma ARV mokhulupirika, amadwala mitsempha ya mtima kuposa anzawo. Kafukufuku wotchedwa REPRIEVE, wa anthu 7,769 m'mayiko 12 kuphatikizapo Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa, anaonetsa mu 2023 kuti piritsi la pitavastatin tsiku ndi tsiku linachepetsa matenda aakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti mwa anthu a zaka 40 mpaka 75. Amenewa ndi anthu amene amabwera kale kuchipatala nthawi ndi nthawi, ali m'kaundula, ndipo anazolowera kumwa mankhwala tsiku lililonse. Chenjezo n'lakuti simvastatin sagwirizana ndi ma ARV ena, monga okhala ndi ritonavir, ndiponso amayi oyembekezera nthawi zambiri amauzidwa kuti aleke statin. Choncho si mankhwala ongogula pa okala chifukwa mnzako akumwa.

Chimene chimandiwawa pa nkhani yonseyi ndi ichi. Africa ndiye ali ndi kusiyanasiyana kwa majini kochuluka kuposa dera lina lililonse padziko, koma mu kafukufuku wamkulu wa majini anthu a mtundu wa ku Africa akhala pafupifupi 2 pa 100 okha. Kalondolondo wa CRISPR amawerenga zilembo, ndipo ngati zilembo za Mtumbuka wa ku Nkhamanga zikusiyana pena pake ndi za anthu amene chidacho chinayesedwa pa iwo, malo amene chingaphonyere athanso kusiyana. Ntchito yofufuza majini ya H3Africa yayesetsa kuchepetsa mpatawu, koma mayeso oyamba a diripi ya kolesterolo achitikira ku New Zealand, Australia, Britain ndi mayiko ena olemera. Sindikunena kuti Amalawi athamangire kukayesedwa mankhwala osakhwima. Ndikunena kuti mayeso aakulu akamadzayamba, Kamuzu University of Health Sciences, MEIRU ndi Unduna adzakhale atakonzeka kulowamo pa mfundo zomveka: wodwala afotokozeredwe m'Chitumbuka kapena m'Chichewa chimene akumva, atsatidwe zaka zonse 15, ndipo mtengo wa mankhwalawo kuno ukambidwe magazi asanatengedwe. Malawi si mlendo pa zoterezi. Mu April 2019 tinali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'zipatala zathu. Koma tikukumbukanso 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana. Nkhani yotenga magazi ndi kusintha chibadwa ikadzafika m'mudzi isanadutse kwa mafumu, kwa abusa ndi kwa alangizi a zaumoyo, idzatha ndi miyala.

Chipatala cha David Gordon Memorial ku Livingstonia chakhala chikuthandiza anthu kwa zaka zoposa 100, chipatala cha boma chili pa Rumphi, ndipo cha Mzuzu Central chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Chimene zipatalazi ndi tizipatala ta m'midzi zikufunikira pa nkhaniyi n'chodziwika kale ndipo si chodula: makina a BP okhala ndi mabatire, makina a ku labu okhala ndi mankhwala oyezera mafuta, ndi mapiritsi a BP ndi a statin osaduka pa shelefu. Ngakhale diripi ija itafika mawa yaulere, sitingadziwe woti tim'patse, popeza amene ali ndi vutoli sanayezedwepo. Ndipo munthu mmodzi akapezeka ndi matenda akumtundu aja, njira yotchipa yopezera ena ndi kuitana abale ake a bere limodzi ndi ana ake kuti nawonso ayezedwe.

Inu amene bambo anu, mayi anu, mchimwene kapena mchemwali wanu anagwa ndi mtima kapena sitiroko asanakwane zaka 55 kapena 60, musadikire za ku Boston. Mukapita kuchipatala, auzeni adokotala mbiri imeneyi ngakhale asanakufunseni, muyezetse BP ndi shuga, mufunse kumene mungakayezetse mafuta a m'magazi, ndipo zotsatirazo zilembedwe m'kabuku kanu. Akakupatsani mapiritsi, imwani ngakhale simukumva kupweteka paliponse.